Asilikali a m'thupi sagulidwa m'botolo

Abale anga, pali nkhani yomwe ikundisowetsa mtendere. Ogulitsa mankhwala "owonjezera chitetezo" achuluka: m'magulu a WhatsApp, pa Facebook, m'madepoti a basi. Amalonjeza kuti mukamwa timabotolo tawo, asilikali a m'thupi achuluka pa milungu yochepa. Chomwe chimandiwawa n'chakuti ena amafika posiya ma ARV chifukwa cha malonjezo amenewa. Ndiye ndati ndifotokoze m'mene asilikaliwa amapangidwira, chifukwa ndikhulupirira kuti amene wamvetsa zimenezi sangatayenso ndalama yake.

Asilikali omwe kuchipatala amawerenga akamati CD4 ndi gulu limodzi la maselo otchedwa T cells. Amayambira m'mafuta a m'mafupa, koma potuluka m'menemo amakhala asanadziwe kanthu. Magazi amawatengera ku kachiwalo kotchedwa thymus, kuseri kwa fupa la pachifuwa, pamwamba pa mtima. Kwa nthawi yaitali madokotala ankakayesa kopanda ntchito, mpaka mu 1961 pomwe Jacques Miller, ali ku London, anakachotsa m'timbewa tongobadwa kumene. Timbewato tinayamba kudwaladwala, ndipo atatisokerera khungu la mbewa yamtundu wina, matupi ake sanalikane. Tinali titasowa ozindikira mlendo.

Thymus ndi sukulu ya usilikali, ndipo ndi yokhwima kwabasi. Selo lililonse likafika, limadula n'kulumikiza tizidutswa ta DNA yake (malangizo achibadwa omwe ali m'selo) mwachisawawa, n'kupanga kachida kozindikirira mdani komwe nthawi zambiri sikafanana ndi ka mnzake. N'chifukwa chake thupi limatha kukhala ndi msilikali wodziwa kachilombo komwe silinakumanepo nako chibadwire. Koma zopanga mwachisawawa zambiri zimatuluka zolakwika, ndiye pamabwera mayeso awiri. Oyamba: kodi seloli lingathe kuwerenga zizindikiro zomwe maselo a thupi lino amaonetsa? Likalephera, limafa. Achiwiri ndiwo amandigometsa. Thymus imaonetsa ophunzirawa tizidutswa ta ziwalo zakutali, ngakhale ta insulin ya m'kapamba, yomwe imatsitsa shuga m'magazi, ndipo selo lomwe lalusira kwambiri zinthu za thupi lake lomwe limaphedwa pomwepo. Ochuluka kwambiri, oposa 90 pa 100 alionse, satulukamo amoyo. Thupi limalolera kutaya onsewo kusiyana n'kutulutsa msilikali wosadziwa kusiyanitsa m'bale ndi mdani.

Ndipo wopambana mayesoyo saona kachilombo kathunthu kakuyandama m'magazi ayi. Maselo a m'thupi amadula mapuloteni omwe ali m'kati mwawo n'kuika tizidutswa kunja, pa tinthu totchedwa MHC, kuti odutsa aone zomwe zikuchitika m'katimo. T cell imayendayenda n'kumagwira tizidutswato. Ikapeza ta thupi lomwelo imapitirira; ikapeza kachidutswa ka kachilombo kogwirizana ndi chida chake, nkhondo yayamba. Rolf Zinkernagel ndi Peter Doherty ndiwo anatulukira zimenezi ku Canberra mu 1974, ndipo analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1996. Ma T cell a gulu lina, otchedwa CD8, amapha selo lomwe lalowedwa ndi kachilombo. A CD4 amalamula: amadzutsa maselo opanga ma antibody (tizida ta m'magazi togwira tizilombo) ndi ena omeza majeremusi.

Nonse mumamudziwa mwanabele. Mwana wabayidwa ndi minga kuphazi, patapita masiku pang'ono akutsimphina, akuti m'mphechepeche mukuwawa, ndipo mukagwira mukumva kachotupa kolimba pansi pa khungu. Apo ndiye kuti maselo ena anyamula tizidutswa ta majeremusi kuchokera pachilonda kupita nato pomwe ma T cell amakumanirana. Ochepa omwe azindikira mdaniyo akuswana mpaka kufika zikwizikwi, ndipo ena adzatsala n'kumamukumbukira zaka zambiri. Katemera amagwiritsa ntchito njira yomweyi.

Tsopano ndifunse wa botolo uja: mwa asilikali mamiliyoni osiyanasiyanawa, mankhwala anu akuwonjezera ati? Odziwa TB? Odziwa chikuku? Ndipo chitetezo chongolusa chopanda ochiletsa si dalitso. Shuga ya mtundu woyamba, yomwe imagwira ngakhale ana aang'ono, imabwera chifukwa ma T cell aononga maselo opanga insulin a mwiniwake. Thupi lili ndi gulu lapadera la ma T cell omwe ntchito yawo ndi kuleretsa anzawo. Shimon Sakaguchi wa ku Japan anawazindikira mu 1995, ndipo mu 2025 analandira Nobel pamodzi ndi Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell.

Kwathu kuno nkhaniyi si ya m'mabuku chabe. HIV imalowera pa CD4 penipenipo, ndiye imapha olamula nkhondo. Munthu wabwinobwino amakhala ndi a CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho ka magazi komwe amayeza. Akatsika pansi pa 200, TB ndi matenda oumitsa khosi amalowa mosavuta. Koma nali gawo lomwe sitiuzana mokwanira: thymus imakhala yamphamvu paubwana, ndipo munthu akatha msinkhu imanka nichepa, mafuta n'kumalowa m'malo mwake. Wamkulu amatulutsa asilikali atsopano ochepa kwambiri. Ma ARV akagonetsa kachilombo nambala imakwera ndithu, koma pachiyambi zambiri zimakhala kuti otsala aja akuswana n'kubwerera m'magazi, ndipo mitundu ina yomwe inatha imavuta kubwerera. Amene wayamba mankhwala CD4 itatsikiratu nthawi zina safikanso pomwe anali, ngakhale amwe mokhulupirika. Ndiye mwezi uliwonse womwe munthu wasiya mankhwala n'kumamwa za m'botolo, akutaya chinthu chomwe thupi lake linaphunzitsa ali mwana.

N'chifukwa chake ndimayamika njira yomwe dziko lathu linatenga. Ma ARV aulere anayamba mu 2004. Mu 2011 Malawi anatsogolera maiko ena poyambitsa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa mankhwala a moyo wonse osadikira CD4, ndipo kuchokera mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba nthawi yomweyo. Ena ankati, mumupatsiranji mankhwala munthu wooneka wathanzi? Yankho lake ndi lomweli: kusunga asilikali omwe alipo n'kosavuta kusiyana n'kuwabwezeretsa.

Sindikunena kuti zomwe timadya zilibe ntchito. Mwana wonyentchera thymus yake imachepa, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe chibayo ndi kutsekula m'mimba zimamutengera msanga. Koma mankhwala ake ndi dzira, usipa, nyemba, phala lothira nsinjiro, masamba a m'dimba. Ndalama ya botolo limodzi ija ingagule zonsezi masiku angapo.

Ngati muli ndi m'bale yemwe wasiya kupita kukatenga mankhwala, musamukalipire. Mupezereni buku lake lakuchipatala, mumuperekeze, ndipo mukafika mupemphe a dokotala amuyeze CD4 ndi kumufufuza TB poyambiranso mankhwala.