Mphwanga akufuna RX-8, ine tulo tandithawa

Usiku wa dzulo mphwanga wanditumizira chithunzi pa WhatsApp: Mazda RX-8 yofiira, ya 2005, idakali ku Japan, mtengo wake wotsika kuposa Sienta zomwe zadzaza m'tauni muno. Pansi pake walembapo kuti, "Achimwene, yanga ndi imeneyi, mundipezere ajenti wokhulupirika." Ndangomuyankha kuti tikambirana Loweruka. Koma poti anyamata ambiri amene angoyamba kulandira malipiro ali ndi maloto omwewa, ndati ndilankhulire pano.

Choyamba dzifunseni chifukwa chake galimoto yokongola chonchi ikutsika mtengo. Ku Japan galimoto imapita kukayezedwa zaka ziwiri zilizonse, kuyezako n'kodula, ndipo ikadutsa zaka 13 msonkho wake umakwera. Mwini wake wawerengera ndalama zomwe zikumudikira, waona kuti bola aitaye. Ndalama zimene iye wathawazo sizisowa ayi. Zikwera nayo sitima mpaka ku Dar es Salaam, zidutsa nayo pa Songwe, zidzakupezani pakhomo panu. Apo n'kuti mutalipira kale msonkho wa MRA, womwenso umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini.

Ine RX-8 ndimaikonda, musandimve molakwa. Mazda anaipanga kuyambira 2003 mpaka 2012, ndipo injini yake si yamasewera: ilibe mapisitoni. M'kati muli marota awiri a makona atatu amene amangozungulira, nzeru ya Felix Wankel wa ku Germany. Injini ya mtundu umenewu ndi imene inapambanitsa Mazda 787B pa mpikisano wa Le Mans mu 1991. Ikamazungulira maulendo 9,000 pa mphindi imamveka bwino zedi, mtima umachita kuti myaa.

Koma injini imeneyi ili ndi miyambo yake, ngati mkamwini wa kutali. Imawotcha oyilo mwadala, ndi mmene anaipangira, ndiye mwini wake ayenera kumayang'ana oyilo pafupipafupi ndi kuyenda ndi botolo kumbuyo. Amene anazolowera kutsegula boneti pa tsiku la sevisi lokha aipha chaka chisanathe. Ukailiza m'mawa, n'kuituluta pageti kuti uitsuke, n'kuizimitsa isanatenthe, petulo amatha kudzaza m'kati mapulagi n'kunyowa, basi yakana kulira. Pansonga za marota pali tizitsulo totseka mpweya. Tikatha, mphamvu imachepa, ndipo chizindikiro chake n'chodziwika: ikazizira imalira bwinobwino, ikatentha n'kuizimitsa, imavuta. Kukonza kwake n'kutsitsa injini yonse n'kuiphwasula. Tsono pitani ku Biwi kapena ku Ndirande mufunse kuti ndi amakaniko angati amene anatsegulapo injini yotere n'kuibwezera ikuyenda. Amakaniko athu ndi akatswiri, Corolla amaidziwa ngati chikhatho chawo. Koma palibe amene amafuna kuti galimoto yake ikhale yophunzirirapo anthu.

Ndiye mafuta. Papepala injini yake ndi 1.3, ngati Vitz. Pamsewu m'tauni imayenda makilomita 7 kapena kuchepera pa lita imodzi. Munthu woyenda makilomita 30 patsiku akuthira malita opitirira 4, pamene mnzake wa Vitz akuthira theka lake. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Mukukumbukira mmene tinkagonera pamizere ya mafuta? Galimoto yakumwa chonchi imakubwezera pamzere msanga kuposa aliyense.

Sindikulankhula zongomva. Inenso ndinakhalapo ndi kagalimoto ka zitseko ziwiri, kofupika, ndisakatchule dzina poti cholakwa sichinali chake. Hampu iliyonse ndinkaikwera chopingasa, pang'onopang'ono, maminibasi akuliza hutala kumbuyo, a kabaza akundipitirira uku akuseka. Usiku wina nthawi ya mvula ndinagwera m'dzenje lodzaza madzi. Tayala linaphulika, rimu inapindika. Matayala opyapyala a saizi 18 amenewa supeza mwachisawawa pamilu ya matayala a kaunjika. Ndinazungulira tauni masiku atatu, ndipo limene ndinapeza linandidyera ndalama ya matayala awiri a galimoto wamba. Ulendo wina kasipeya kakang'ono, kokwana m'thumba la malaya, ndinakadikira milungu isanu ndi umodzi kuchokera ku Johannesburg, galimoto ili pabwalo nkhuku zikubisala dzuwa kunsi kwake. Inshulansi ikutha, ine ndili m'minibasi.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi tsiku la maliro kumudzi. Msewu wafumbi unali ndi mikwasa, ndinaisiya pa tireding'i senta n'kukwera njinga yamoto. Pobwerera azakhali anandipempha kuti ndiwatenge pamodzi ndi thumba lawo la chimanga. Ndinasowa poyambira kufotokoza. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye galimoto yanuyo ntchito yake n'chiyani, bambo?"

Si galimoto zothamanga zonse zili chimodzimodzi. Mazda MX-5, yomwe ku Japan amaitcha Roadster, ili ndi injini wamba ya mapisitoni, yosavuta kuimvetsa, ndipo simwa kwambiri. Toyota 86, imene inatuluka mu 2012, nayonso n'njabwinoko, ngakhale injini yake ndi ya Subaru, choncho musaganize kuti masipeya a Toyota wamba alowa. Nissan Fairlady Z ya 3.5 ndi yolimba koma ludzu lake ndi matayala ake mudzaziona. Zonsezi zili ndi vuto limodzi: amene anaigula yatsopano sanaigulire kupita nayo kutchalitchi. Inathamangitsidwa, kilachi inapsa, mwina inasinthidwasinthidwa m'kati, ndipo chithunzi cha pa intaneti sichinena zimenezo.

Maganizo anga ndi akuti galimoto yothamanga yakale ikhale yachiwiri. Amene ali kale ndi ina yopitira kuntchito, komanso ndalama yapadera yokonzetsera imene atha kuitaya osagona ndi njala, agule, asangalale, ndipo ndidzamupempha andiyendetseko. Amene akutenga ngongole kuti ikhale galimoto yake yokhayo, ayi. Ndipo ngati mtima wakanirira, bola kugula imene ili kale kuno, yoti uiyendetse mpaka itenthe, uizimitse, uilizenso, umve mmene ikuyankhira.

Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi umusemere imufotere yekha. Mwina. Koma nyanga imeneyi ikafota, foni idzalira ndi yanga, pakati pa usiku, ali pa Chiweta. Loweruka ndimuuza abwere ndi pepala la malipiro ake ndi cholembera, tiwerengere limodzi petulo wa mwezi umodzi, tayala limodzi ndi mapulagi anayi. Akatha kuwerengera akadali kumwetulira, nambala ya ajenti ndimupatsa.