Makalipa ofiira: pentani ndithu, koma osati mwaulesi

Akuluakulu ena akhala akuseka anyamata amene akupenta makalipa a mabuleki (zitsulo zija zimene zimapanitsa mapadi pa disiki kuti tayala liime) pa ma Altezza, ma Subaru ndi ma Mark X awo, ati n'kutaya mametikali pachabe. Ine sindikusekani, achimwene anga. Galimoto ndi yanu, ndipo kufiira kuja kukamasuzumira m'mipata ya limu kumakongola ndithu. Chimene chikundinyansa ndi kapentedwe kamene ndikuona m'makomo, kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Moatize.

Munthu akweza galimoto pa jeke, achotsa tayala, agwedeza chitini cha penti wa pageti, fuu fuu, basi watha. Penti uja wagwera pa disiki, pa malabala, pa mapadi, ngakhale pa kabawuti kotulutsira mpweya. Sabata isanathe wayamba kusendeka ngati khungu la mbatata yowotcha.

Ntchito imeneyi mbali yake yaikulu ndi kutsuka. Fumbi la mapadi, dzimbiri ndi girisi zimakanirira pachitsulo, ndipo penti sagwira pamenepo. Pamafunika burashi ya waya, sandipepa ndi mankhwala otsukira mabuleki aja a m'chitini, kukwecha mpaka nsanza yoyera ikamapukuta izibwera yoyera. Fumbilo musaliuzire ndi pakamwa, mangani kansalu kumphuno. Mukatero matani tepi ndi nyuzipepala pa chilichonse chosafunika penti: disiki, labala wa pistoni, malabala a timapini timene kalipa imaseserekapo, paipi ya mafuta ndi pamene pamakhala mapadi. Timapini tija tikagwidwa ndi penti, kalipa imakakamira, padi imodzi n'kumadyeka yokha, tayala n'kumatentha. Mukamasula kalipa, ikolekeni ndi waya ku sipuling'i. Kuisiya ikulendewera pa paipi yake ya labala n'kupha paipiyo. Ndipo chonde, jeke yekha si wodalira mukulowetsa mutu pansi pa galimoto. Ikani masitandi, osati njerwa zowotcha zosanjikiza.

Penti wake akhale wopirira moto, wolembedwa pachitini kuti ndi wa makalipa. Ife kuno mabuleki timawagwiritsa ntchito yakalavulagaga. Kuchoka kumtunda kwa Angónia, mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja, kudzera pa Mussacama mpaka kutsikira kuchigwa cha Zambezi, phazi silichoka pa buleki. Kufika mu mzinda wa Tete mwezi wa Okutobala, dzuwa lokha lapitirira madigiri 40. Penti wamba angalimbe pamenepo? Dzuwa lomwelo ndi chifukwa chake ndimati pentani m'mawa, pamthunzi, kopanda mphepo. Masana penti amauma asanakhazikike pachitsulo, ndipo ku Moatize fumbi la malasha limadzamatirira pomwepo. Pakani mopyapyala kangapo, kudikira pakati, ndipo galimoto igone osayenda mpaka penti atalimba monga chitini chikunenera.

Tsono apa ndi pamene ndimasiyana ndi anyamata ambiri. Mitundu ya penti ija kumene inachokera ili ndi tanthauzo. Pa Porsche, makalipa achikasu amasonyeza mabuleki a ceramic. Subaru WRX STI inatchuka ndi makalipa a golide opangidwa ndi Brembo, kampani ya ku Italy imene inayamba mu 1961. M'kati mwa makalipa akutsogolo a galimoto zimenezo muli mapistoni anayi kapena kuposa. Yanu ya pistoni imodzi mukaipaka kufiira ikhalabe ya pistoni imodzi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chochititsa manyazi ndi kumatapo sitika ya Brembo, kapena kuvekapo timapulasitiki tija tophimba kalipa. Timeneto timatsekereza mphepo yoziziritsa buleki, ndipo tikamasuka timakapalana ndi limu muli pa liwiro. Toterewo ine ayi.

Chimene ndimakondera kupenta n'chakuti kumakakamiza mwini galimoto kuchotsa matayala onse anayi n'kuyang'ana mabuleki ake ndi maso. Ambiri a ife timawakumbukira akayamba kulira. Ndiye poti mwatsegula kale, onani mapadi. Ngati atsala mamilimita atatu, penti adikire, ndalamayo igule mapadi. Onani ngati paipi yang'ambika, ngati pozungulira pistoni panyowa. Mafuta a mabuleki a mtundu wotchedwa DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma amayamwa chinyezi chaka ndi chaka mpaka kumawira msanga, ndipo akawira pamtsetse pedulo imangolowa pansi. Opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Galimoto zathu zobwera kuchokera ku Japan zija, ndani anawasinthapo chifikireni? Mafuta omwewo amadya penti, choncho akadonthera pa kalipa yanu yatsopano tsukani ndi madzi nthawi yomweyo.

Mukamasula paipi, mpweya walowa, ndipo popanda kuutulutsa mulibe buleki. Ngati simunachitepo, itanani makaniko, kapena pentani paipi ili chilumikizire. Mukabwezera zonse, pondani pedulo kangapo mpaka ilimbe galimoto isanasunthe, kenako yesani pang'onopang'ono pamsewu wopanda ana ndi njinga.

Za mtundu, ine pa fumbi lathuli ndikanasankha wakuda kapena wasiliva. Wofiira ndi wachikasu amafuna munthu wotsuka malimu Loweruka lililonse, ndipo ena a inu ndimakuonani kumsika galimoto ili mbuu.