Barney anakula, olemba sewero ndiwo anakana kukula naye

Ndakwiya ndi yankho limene mnzanga wina wandipatsa lero pamene timakambirana za mathero a sewero lanthabwala la pa kanema la ku America lija, How I Met Your Mother. Ine ndinati olemba anamulakwira Barney Stinson pomubwezera ku moyo wake wakale wonamiza akazi m'gawo lomaliza, koma iye anangoti, "Achimwene, madzi saiwala khwawa, wachimasomaso sasintha." Mwambiwo ndi woona pamalo pake, koma pano waikidwa pamalo olakwika, ndipo sindilola kuti ukhale chophimbira ulesi wa anthu amene anali ndi zaka 9 zokonzera nkhani yawo. Barney sanabwerere m'khwawa mwa kufuna kwake. Anachita kumukankhiramo, ndipo anamukankhiramo chifukwa anali ataima panjira ya mathero amene eni sewero anawakonzeratu kalekale.

Seweroli linayamba kuonetsedwa pa kanema wa CBS pa 19 Seputembala 2005 ndipo linatha pa 31 Malichi 2014, litakwanitsa masizoni 9 ndi magawo 208. Nkhani yake ndi ya Ted Mosby, amene m'chaka cha 2030 wakhazika ana ake awiri pampando n'kumawafotokozera mmene anakumanirana ndi mayi wawo. Palibe munthu amene angatsatire magawo 208 chifukwa cha nthabwala zokha, pakuti nthabwala imatha mphamvu ukaimva kachitatu. Chimene chimakugwira ndi kuona anthu asanu aja, Ted, Robin, Barney, Marshall ndi Lily, akuchoka pamene unawapeza n'kufika pena. Woonera amapirira chaka ndi chaka pokhulupirira kuti zimene zawachitikira atengambali lero zidzakhala ndi tanthauzo mawa. Wolemba akaphwanya chikhulupiriro chimenecho m'gawo lomaliza, ndiye kuti wawononga ndi magawo onse amene anapita kale.

Tamuonani Barney mmene tinamupezera mu 2005. Anali mnyamata wa masuti, wa bodza pakamwa, amene usiku uliwonse m'bala ya MacLaren's ankasintha dzina ndi mbiri yake kuti apusitse mkazi wina, ndipo machenjerero ake onse anawalemba m'buku lake lotchedwa The Playbook. Olemba akanatha kumusiya choncho mpaka kumapeto, ndipo palibe akanadandaula, chifukwa masewero ambiri amakhala ndi mtengambali mmodzi amene ntchito yake ndi kuseketsa basi. Koma iwo eni ndiwo anasankha kumutsegula mtima kuti tione zimene zili mkati. Anationetsa mwana amene anakula wopanda bambo, amene mayi wake anamuuza kuti bambo wake ndi Bob Barker, mkulu wina wotchuka woyendetsa pulogalamu ya mpikisano pa kanema, iye n'kukhulupirira mpaka kukula. M'sizoni 6 anakumana ndi bambo wake weniweni, Jerome Whittaker, n'kupeza kuti ndi munthu wofatsa, wophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, wokhala mwamtendere ndi mkazi ndi ana ena. Usiku umene Barney anakadya kunyumba kwa bamboyo, anatuluka panja mokwiya n'kuyamba kuzula chitsulo choponyeramo mpira wa basketball chimene chinakhomedwa pamwamba pa chitseko cha galaja, chimene bamboyo anakhomera mwana wake wamng'ono. Anamufunsa bambo wakeyo, misozi ili m'maso, chifukwa chimene anakanikira kukhala bambo wotero kwa iyeyo. Amene anaona gawo limenelo sanganene kuti Barney anali yemwe uja wa m'sizoni yoyamba, ndipo Neil Patrick Harris anasewera mbali imeneyo mwaluso loti oonera anasiya kuseka.

Kusinthako sikunathere pomwepo. Anayesa chibwenzi chenicheni ndi Nora n'kulephera, anatomera Quinn n'kulepheranso, ndipo kulephera kulikonse kunkamusiya atadziwa china chimene sankachidziwa. Mu Disembala 2012 anafunsira Robin ukwati padenga la nyumba ya World Wide News, kampani ya nkhani kumene Robin ankagwira ntchito, ndipo m'sizoni 8 yomweyo buku lake la mabodza lija linawonongedwa iye akuona, atavomereza yekha. Kenako olemba anatenga sizoni 9 yonse, imene inali ndi magawo 24, n'kuika magawo 22 pa masiku ochepa chabe a chikonzero cha ukwati wa Barney ndi Robin ku Farhampton. Chaka chathunthu tinkauzidwa mlungu ndi mlungu kuti ukwati umenewu ndi wofunika, kuti anthu awiriwa alimbana ndi mantha awo n'kuwagonjetsa. Pa 24 Malichi 2014 tinaona ukwati ukumangidwa, Barney atalumbira pamaso pa Robin kuti sadzamunamizanso. Patangotha mlungu umodzi, pa 31 Malichi, gawo lomaliza lisanafike ndi pakati pomwe, tinauzidwa kuti banja lija linatha mu 2016. Chimene anachimanga kwa chaka chathunthu anachigwetsa m'mphindi zosakwana zophikira tiyi, ndipo anayembekezera kuti tiwombe m'manja.

Musandiuze kuti mabanja amatha ndithu, chifukwa zimenezo ndikuzidziwa, ndipo sindikukana kuti banja la anthu awiri ouma mitu ngati amenewa likhoza kutha. Chimene ndikukana ndi kutha kosaonetsedwa. Ngati Robin ankayenda kwambiri ndi ntchito yake ya utolankhani mpaka Barney kutopa, tinayenera kuuona mng'aluwo ukuyamba, ukukula, awiriwo akuyesa kuumata n'kulephera. M'malo mwake tinapatsidwa kamkangano kamodzi m'chipinda cha hotelo ku Argentina, basi nkhani yatha. Choipitsitsa ndi chimene chinatsatira. Barney analembanso buku lina la mabodza, nabwerera kukasaka atsikana m'bala ali bambo wa zaka zopitirira 40, mpaka kudzitama kuti wagona ndi akazi 31 m'masiku 31. Banja likhoza kutha, koma munthu saiwala zonse zimene anaphunzira m'zaka 9 chifukwa choti banja latha. Munthu amene analira pa galaja ya bambo wake, amene analola buku lake kuwonongeka, amene analumbira kunena zoona, akanatha kukhala mbeta yosweka mtima, yokhumudwa, mwinanso yolakwitsa apo ndi apo, koma sakanadzuka m'mawa ali ndendende mnyamata wa 2005 ngati kuti pakatipa panalibe kanthu. Pamenepa olemba anafufuta munthu, ndipo mnzanga uja akutcha kufufutako kuti ndi moyo weniweni.

Ena amati koma mwana wake wamkazi, Ellie, atabadwa mu 2020, Barney anasintha kotheratu. Ndikuvomera kuti pamene anamunyamula khandalo m'chipatala n'kumuuza kuti ndiye chikondi cha moyo wake, mtima wanga unakhudzidwa. Koma taganizani zimene olembawo akutiuza pamenepo. Akuti zaka zonse zolimbana ndi khalidwe lake sizinapindule kanthu, chikondi cha Robin sichinapindule kanthu, kukumana ndi bambo wake sikunapindule kanthu, ndipo chimene chinamusintha ndi mimba yangozi imene inagwa ngati mphezi. Mayi wa mwanayo sitinamuone nkhope, ngakhale dzina sanapatsidwe, ankangotchulidwa ndi nambala 31. Kusintha kumene tinakuona kukumera pang'onopang'ono anakutaya, n'kutipatsa kusintha kwina kwa mphindi imodzi kuti titseke pakamwa.

Ted nayenso anamuchita chimodzimodzi. Gawo loyambirira lenileni linatha ndi Ted akuuza ana ake kuti Robin ndi azakhali awo, kutanthauza kuti si mayi wawo. Kumapeto kwa sizoni 2 awiriwa anasiyana chifukwa Ted ankafuna banja ndi ana pamene Robin ankafuna ntchito ndi kuyenda maiko. M'sizoni 7 Ted anamuuzanso Robin kuti amamukonda, ndipo Robin anamuyankha mosapita m'mbali kuti iye samukonda motero. M'sizoni 9, m'mphepete mwa nyanja ku Farhampton kutacha, Ted anamumasula Robin mumtima mwake, ndipo olemba anafika pomuonetsa Robin akuuluka kupita kumwamba kuti ngakhale wosamva amve kuti nkhani imeneyi yatsekedwa. Katatu konse anatiuza kuti Ted wakula, wasiya kukakamira chimene si chake. Ndiye m'mphindi zomaliza ana ake akumuuza kuti nkhani yonse ija inali ya azakhali a Robin, kuti amayi anamwalira zaka 6 zapitazo, ndipo Ted wa imvi akuthamangira pansi pa zenera la Robin atanyamula lipenga la buluu lomwe lija anaba mulesitilanti mu 2005. Ulendo wa magawo 208 unathera pakhomo pomwe unayambira, ndipo phunziro lililonse limene Ted anaphunzira panjira linasanduka lopanda ntchito.

Chifukwa chake n'chodziwika ndipo sichifuna mawu ambiri: eni sewero, Carter Bays ndi Craig Thomas, anajambuliratu mbali ya ana ija mu 2006 poopa kuti David Henrie ndi Lyndsy Fonseca, amene ankasewera ngati ana a Ted, akula, ndipo anaisunga zaka 8 mpaka kuigwiritsa ntchito. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Anadzilonjeza okha mathero sewero lili m'sizoni 2, ndipo pofuna kusunga lonjezo limenelo anadula mutu wa Barney, wa Ted, wa Robin ndi wa mayi wa ana yemwe. Mathero amenewo akanakhala abwino sewero likanatha mu 2007 kapena 2008, pamene Ted ndi Robin anali adakali pamtima pa oonera. Pofika 2014 atengambali anali atakula, ndipo kuwaumiriza kulowa m'mathero akale kunali ngati kuveka bambo wa ndevu yunifolomu imene anamusokera ali sitandade 2. Wolemba wanzeru akaona kuti anthu ake apita kutali ndi kumene ankaganiza, amawatsatira, ndipo kachidutswa ka filimu kamene anajambula kale amakataya popanda kudandaula.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti olemba amenewa ankadziwa kulemba kusintha kokhalitsa. Mu Januwale 2011, m'sizoni 6, Lily anatsika mutakisi kunja kwa bala n'kumuuza mwamuna wake Marshall kuti bambo wa Marshallyo amwalira ndi matenda a mtima. Imfa imeneyo sanaifufute mlungu wotsatira. Inamutsatira Marshall, inamuchititsa kuganiziranso za ntchito yake, ndipo mwana wawo woyamba anamutcha Marvin, dzina la malemuwo. Lily, amene kumapeto kwa sizoni yoyamba anathetsa chitomero chake ndi Marshall n'kupita ku San Francisco, anabwerera, ndipo chilonda chimenecho chinaonekeranso pa mkangano wawo wa m'sizoni 9, monga zimakhalira m'banja lenileni. Marshall anafika pokhala woweruza milandu monga ankafunira. Awiriwa analoledwa kukula n'kukhalabe okula chifukwa sankatsekereza njira ya Ted yopita kwa Robin. Barney ankaitsekereza, n'chifukwa chake anamubweza m'mbuyo. Palibe nzeru ya moyo imene ili pamenepo, ndipo mwambi wa madzi ndi khwawa usanamiziridwe.

Nanga Tracy McConnell, mayi amene dzina la sewero likunena za iye? Tinamudikira masizoni 8, n'kumuona nkhope koyamba mu Meyi 2013 akugula tikiti ya sitima yopita ku Farhampton, ambulera yake yachikasu ili m'manja. Cristin Milioti, amene anasewera ngati Tracy, anachita chinthu chovuta kwambiri, kukwaniritsa chiyembekezo cha zaka zonsezo m'magawo ochepa, makamaka m'gawo la 200 limene linafotokoza nkhani kuchokera kumbali yake, mmene anaferedwera chibwenzi chake Max n'kukhala zaka akulephera kukondanso. Oonera anamukonda. Kenako anamugoneka pabedi la chipatala kwa kamphindi, matenda ake osatchulidwa, maliro ake osaonetsedwa, chisoni cha Ted ndi ana ake osaonetsedwa. Anthu oposa 13 miliyoni ku America anaonera gawo limenelo, chiwerengero chachikulu kuposa cha gawo lina lililonse la seweroli, ndipo onsewo anaona mkazi amene anamudikira zaka 9 akuchotsedwa mofulumira kuti mpando ukhale wopanda munthu.

Ndipo asanene kuti nthawi inawachepera, chifukwa nthawi anali nayo ndipo anaimwaza okha. Zaka 17 za moyo wa atengambali, kuchokera 2013 mpaka 2030, anazipanikiza m'gawo lomaliza la mbali ziwiri, pamene theka la sizoni yomweyo Marshall anali pamsewu kuchokera ku Minnesota, akukangana m'galimoto ndi mayi wina dzina lake Daphne amene sanawonjezere kanthu pa nkhani. Anapeza nthawi ya gawo lathunthu lolankhulidwa mwandakatulo pofuna kugoneka khanda m'basi, anapezanso nthawi ya gawo lathunthu lofotokoza mmene Marshall anaphunzirira kumenya mbama, gawo limene linakwiyitsa anthu ambiri chifukwa cha mmene linaonetsera anthu a ku Asia mpaka eni sewero anapepesa. Nthawi ya mbama inalipo, koma nthawi yoonetsa banja la Barney ndi Robin likugwa panalibe, ndipo nthawi yolira Tracy panalibenso. Pa DVD imene inatuluka mu Seputembala 2014 anaikapo mathero ena, othera pa siteshoni ya sitima pamene Ted akukumana ndi Tracy, ndipo Tracy samwalira. Ndiye kuti mathero enawo anali otheka ndi zithunzi zomwezo zimene anali nazo kale m'manja, koma anawasungira okhawo amene akanatulutsanso ndalama kukagula DVD.