Mafilimu oopsa amene palibe amawafunsa ndi amene amandisowetsa tulo

Loweruka lapitali ndinapita kwa mnyamata amene amatiikira mafilimu m'mafoni pafupi ndi msika wa pa Mangochi boma. Ndinamufunsa ngati ali ndi filimu yoopsa yotchedwa His House. Anafufuza m'kompyuta yake, kenako nkupukusa mutu. "Achimwene, imeneyo palibe amaifunsa. Koma ndili ndi ya mazombi yatsopano, anthu akungofa ngati ntchentche." Sindikumuimba mlandu, iye amasunga zimene zikuyenda malonda. Koma nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima sabata yonse, ndiye ndati ndiyankhule.

Ambiri a ife tinazolowera kuti filimu yoopsa ndi ija ya chilombo chopangidwa pa kompyuta, mitu kuduka, nyimbo kuphulika mwadzidzidzi kuti udumphe pa benchi. Umadumphadi, nonse mu vidiyo sho nkuseka, ukatuluka panja waiwala kale, ukugula chipisi. Pali mafilimu ena ang'onoang'ono, ambiri mwa iwo opangidwa ndi anthu opanda makampani akuluakulu a ku Hollywood kumbuyo kwawo, amene amakutsatira mpaka pamphasa. Amenewo ndi amene ndikuwanenerera lero.

His House inatuluka mu 2020, ndipo inali filimu yaitali yoyamba ya Remi Weekes. Ndinaionera pa Netflix kwa msuweni wanga ku Mpondasi, pa laputopu, magetsi atathima. Ndi nkhani ya mwamuna ndi mkazi, Bol ndi Rial, amene athawa nkhondo ku South Sudan, awoloka nyanja pa bwato lodzaza, afika ku England. Boma lawapatsa nyumba yakutha, makoma osupuka, ndi malamulo ambirimbiri: musagwire ntchito, musasamuke, mukalakwitsa tikubwezani. Usiku m'makoma mumayamba kumveka mawu. Bol amatenga hamala nkuyamba kuboola khoma kufuna kuona chimene chili mkatimo, ndipo mawa lake akuyenera kumwetulira pamaso pa mzungu wa ku ofesi ngati zonse zili bwino. Mkazi wake sakuvutika nkufufuza, iye akudziwa kale. Akuti chimene chawatsatira ndi apeth, mfiti ya usiku ya kwawo kwa a Dinka, ndipo yabwera kudzatenga ngongole. Ngongole yake sindikuuzani, mukaone nokha, koma ndi ya chimene anachita panjira kuti iwo apulumuke ena atsale.

Msuweni wangayo anakhalako ku Joni zaka zinayi. Filimu itatha sanayankhule. Anadzuka, natuluka panja, nakhala pakhonde nthawi yaitali. Ine sindinamufunse. Kuno kwathu ndi nyumba zingati zimene zilibe mwana ku Joni? Ku Namwera, ku Makanjira, kwa Chimwala, nyumba zamalata zambiri zinamangidwa ndi ndalama za kumeneko. Timaona malata, njinga yamoto, foni yaikulu. Zimene anyamatawa anaona panjira, m'magalimoto otsekedwa, m'tchire la pamalire, mnzawo amene anadwala nkumusiya, sanena. Filimu ya munthu wa ku England inafika pamalo amene ife apachibale timaopa kufikapo.

Ina ndi Atlantics ya Mati Diop, ya 2019, yojambulidwa ku Dakar m'dziko la Senegal, anthu akuyankhula Chiwolof. Anyamata akumanga chinyumba chachitali m'mbali mwa nyanja, miyezi ikutha bwana osawalipira. Atatopa, akwera bwato usiku kulowera ku Spain, osatsanzika ngakhale zibwenzi zawo. Nyanja yawameza. Ndiye akubwerera, koma kudzera m'matupi a atsikana amene anawasiya. Atsikanawo amadzuka pakati pa usiku maso ali mbuu, osavala nsapato, nkukakhala phee pabalaza pa bwana uja kufuna malipiro awo. Palibe magazi, palibe kukuwa. Koma ine ubweya unaima. Mzukwa wofuna malipiro ake! Funsani alovi a ku Malindi kapena ku Msaka amene anakoka chilimira usiku wonse nkupatsidwa zosakwana sopo, akuuzani ngati zimenezi nzachilendo. Filimu imeneyi inapata mphoto ya Grand Prix pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, m'dziko la France, ndipo Mati Diop anali mkazi wakuda woyamba kupikisana nawo pa mpikisano waukulu wa kumeneko. Koma yendani vidiyo sho zonse kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka ku Monkey Bay, mundiuze ngati mupeze ndi mmodzi yemwe woidziwa.

Kwa abale anga achisilamu, amene kuno ndinu ochuluka, pali Under the Shadow ya Babak Anvari, ya 2016. Mayi ndi mwana wake wamkazi atsala okha m'nyumba yosanja ku Tehran pa nthawi ya nkhondo ya Iran ndi Iraq. Bomba lagwa padenga koma osaphulika, chidole cha mwana chasowa, ndipo anthu oyandikana nawo akunong'ona kuti majini amayenda ndi mphepo, akakutengera kanthu kako sakusiya. Ife za majini tinazimva kwa anganga tisanadziwe nkomwe kuti kuli kanema. Umaonera filimuyi osadziwa ngati mayiyo akuona jini kapena mutu wake wasokonezeka ndi mantha a mabomba, ndipo kusadziwa kumeneko ndiye kuopsa kwake.

Wina anena kuti filimu imafuna ndalama. Inde, koma yoopsa simafuna zambiri. Paranormal Activity, imene ambiri munaionera, Oren Peli anaijambula m'nyumba mwake momwe ndi ndalama zokwana madola 15,000 basi, kamera itayikidwa kuchipinda, chitseko chikusuntha chokha. Inapanga madola oposa 190 miliyoni. Imeneyo inachita mwayi, kampani yaikulu inaitola. Zinzake zambiri zimangofera m'mbali, osati chifukwa nzoipa, koma palibe wozilengeza. Mdima ndi waulere. Chete ndi waulere. Chofunika ndi munthu wodziwa chimene anthu ake amaopa.

Ndipo apa ndi pamene pamandipweteka, chifukwa Mangochi ili ndi zonse. Munakhalapo pagombe cha m'ma 2 koloko usiku, nyali za asodzi a usipa zili ndandanda kutali uko ngati mzinda woyandama, kenako mwera nkuyamba, nyali nkumazima imodziimodzi? Munamvapo mayi akuitana dzina la mwana wake m'mabango a mu Shire, madzi ali zii, aliyense akudziwa kuti muli ng'ona koma palibe akufuna kutchula? Nanga bwato lobwera lokha kumtunda, nkhafi ili momwemo, mwini wake palibe? Shemu Joyah anationetsa kale mu The Last Fishing Boat ya 2012 kuti gombe lathu ndi moyo wa asodzi zimakwana pa kanema. Imeneyo si yoopsa ayi, koma inatsegula njira. Ndikudikira mwana wa kuno amene adzatenge kamera usiku.

Koma akadzaitenga, chonde asadzatipatse zomwe zija. Timafilimu tathu tambiri ta ufiti, ndi ta ku Nigeria timene timatanthauziridwa m'Chichewa, nkhani yake ndi imodzi: mwana wadwala, bizinesi yagwa, wolakwa ndi agogo a kuseri kwa nyumba, maso ofiira, lichero pambali. Pamapeto agogo aja aulula nkufa, anthu nkuwomba m'manja. Izi sindizitenga ngati zosangalatsa chabe. M'dziko muno nkhalamba zikuphedwa ndi adzukulu awo enieni chifukwa cha mawu amenewa. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, komabe kanema wathu akuphunzitsa ana kuloza. Maso a agogo anu anafiira ndi utsi wa nkhuni zimene anakuphikirani nazo phala.

Rungano Nyoni, wobadwira ku Zambia pafupi pompa, anaitembenuza nkhaniyi mu I Am Not a Witch ya 2017. Kamtsikana kotchedwa Shula kanenezedwa ufiti, katumizidwa kumsasa wa amayi onenezedwa, aliyense womangiriridwa kansalu kakatali koyera kumsana kuti asauluke, alendo akubwera kudzawajambula zithunzi. Ena sangaiyike m'gulu la mafilimu oopsa, koma ine inandiopsa kuposa ya mazombi iliyonse, chifukwa zilombo zake ndi anthu wamba ovala bwino, ndipo mwa apo ndi apo umamva akuyankhula Chinyanja chathu chomwechi. Inapata mphoto ya mafilimu ya ku Britain ya BAFTA mu 2018. Ndi filimu ya pakhomo pathu penipeni, koma tikudziwa bwino mayina a akatswiri a karate kuposa dzina la mayi ameneyu.

Ndikudziwa kuti mafilimu amenewa amayenda pang'onopang'ono. Ena amafuna kuwerenga mawu a pansi, ndipo bandulo ya intaneti si yotchipa. Mphindi makumi awiri zoyamba mwina mudzafuna kusintha. Pirirani. Zimitsani nyale, foni ikani patali, musaonere masana pali phokoso la ana.

Mnyamata wa pamsika uja ndinamulembera mayina anayi pakapepala, ndipo wandilonjeza kuti ayesa kuonetsa imodzi Lachisanu usiku, ngakhale atabwera anthu asanu okha. Msuweni wanga wati abwera, koma wapempha kuti isakhale His House. Wati tiyambe ndi ya anyamata a pabwato aja.