Panjira yotsika phiri sayimapo

Ndikulemba ndi dzanja limodzi chifukwa lamanzere lili m'bandeji, ndipo mtima wanga sunatsike mpaka pano.

Loweruka lapitali ndinali pa phiri lina la ku Alps, ku Ulaya, amodzi mwa malo aja amene m'nyengo yozizira anthu amatsetserekapo pa ski. Chipale chofewa chikasungunuka, cha mu Juni mpaka Seputembala, malifti omwewo amanyamula ife a njinga. Umakoleka njinga pambali pa mpando, n'kukhala, mphindi pang'ono wafika pamwamba, chatsala n'kutsika basi. Unali ulendo wanga wachinayi tsiku limenelo, panjira yachikwangwani chofiira, ya odziwa kale kutsika, yomwe ndimaidziwa bwino. Panjirayo pali chulu chodumphapo chimene ukamachiyandikira suona kuseri kwake. Ndinadumpha. Ndili m'malere ndinangoona bambo ataima penipeni pomwe ndimayenera kutera, njinga ataigoneka chopingasa, foni ili m'manja, akujambula mapiri.

Munthu ukakhala m'malere mabuleki sagwira, matayala alibe popondapo. Ndinakhotetsa thupi kuti ndimuphonye, n'kutera cham'mbali, tayala lakutsogolo n'kuterereka, ine khuu pamiyala. Chisoti ndicho chinanditeteza nsagwada. Dzanja ndi phewa zinapwetekeka. Bamboyo sanakhudzidwe ngakhale pang'ono, ndipo atandiyandikira mawu ake oyamba anali akuti ndimathamanga kwambiri.

Ndimathamanga kwambiri? Panjira yomwe anaikumbira kuti anthu azithamangapo?

Abale, panjira yotsika sayimapo. Ukatopa, patuka. Ukafuna kujambula, patuka. Tcheni chikachoka, nyamula njinga yako upite nayo m'mbali, ukakonzere kumeneko. Ukagwa koma miyendo ikuyenda, chinthu choyamba ndi kuchoka panjira, zodzisisita fumbi zibwere pambuyo. Ukudikira mnzako wotsalira, mudikire poonekera, kumene wochokera kumtunda angakuone akadali patali. Kuseri kwa chulu ayi. Potulukira khona ayi. Pansi pa mlatho wamatabwa ayi. Kodi pamenepa chovuta kumva n'chiyani?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu amene akutsika pa liwiro la makilomita 36 pa ola amadutsa mamita 10 pa sekondi imodzi. Njinga yotsikira mapiri payokha imalemera makilogalamu 16 kapena kuposerapo, onjezanipo thupi la mwini wake. Zonsezo zikubwera pa iwe, ndipo iye akuona pamene patsala sekondi imodzi, mwinanso osakwana. Ndiye iwe waima pamenepo ukusankha mbali yabwino ya chithunzi. Ukuika moyo wako pachiswe, chabwino ndi wako, koma ukuikanso wa munthu amene sanakulakwire kanthu. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Chithunzi anajambula ndi iye, bandeji ndavala ndine.

Ndikudziwa ena abwera m'ndemanga m'munsimu kudzanena kuti lamulo limati amene ali kutsogolo ndiye woyenera kupatsidwa mpata, wakumbuyo azisamala. Inde, lamulolo lilipo ndipo ine ndimalitsatira. Ndikapeza wophunzira akutsika pang'onopang'ono ndimachepetsa liwiro, ndimadikira pamalo otakasuka, ndimamuuza mbali yomwe ndidutsire. Sindinakalipirepo munthu chifukwa choyenda mwapang'ono, tonse tinayambira pomwepo. Koma woyenda pang'onopang'ono ndi wina, woima pobisika ndi winanso. Zikwangwani zomwe zimanena za kupatsa mpata wakutsogolo zimanenanso kuti usaime potseka njira kapena pomwe sukuoneka kuchokera kumtunda. Ngakhale a ski, eni ake phirilo m'nyengo yozizira, ali ndi malamulo 10 a FIS, bungwe loyang'anira masewera a ski padziko lonse, ndipo la nambala 6 likunena zomwezi: osaima popanikizika kapena posaoneka bwino, ukagwa uchokepo msanga. Nkhaniyi si yachilendo paphiri. Bwanji munthu amawerenga mzere umodzi womukomera n'kudumpha winawo?

Mwina vuto n'lakuti lifti imakweza aliyense, wodziwa ndi wosadziwa, ndipo njinga yobwereka ili pomwepo m'munsi. Kaya. Zimenezo sizikundikhudza lero.

Chondikhudza n'chakuti njira izi si zapaulendo wokaona malo. Zinakumbidwa ndi makina ndi mafosholo kuti njinga iziyenda mbali imodzi yokha, kutsika. Makhona anawakweza dala kuti munthu alowemo osagwira buleki. Machulu anawayeza kuti pa liwiro loyenera utere bwinobwino kuseri kwake, ndipo ukachepetsa liwiro mwamantha ndi pomwe umagunda m'mphepete n'kugubuduka. Ndiye kunena kuti ndikanayenda pang'ono n'kusadziwa chomwe ukunena. Ku Whistler, ku Canada, kumene anatsegula njira za njinga zoyendera lifti mu 1999, kuli njira yotchuka ya A-Line yomwe ili ndi machulu ambiri otsatizana. Tangoganizani munthu ataima kuseri kwa chimodzi mwa izo, okwera akubwera mondondozana. Wachiwiri agwera pa woyamba, wachitatu pa wachiwiri. Ku Morzine ndi ku Les Gets ku France, ku Leogang ku Austria, kulikonse kumene lifti imatsanulira njinga pamwamba pa phiri mosalekeza, nthawi zonse kumbuyo kwako kuli munthu. Sukumuona, sukumumva, koma akubwera. Njirayo ukaiona ili zii usamati ndi yako wekha.

Ndipo tisanamizire kusadziwa mitundu. Yobiriwira ndi ya oyamba kumene, yabuluu ndi yotsatira, kenako yofiira, yakuda ndi ya akatswiri. Chikwangwani chili poyambira njira iliyonse. Ngati ukuona kuti panjira yofiira uziima mamita 100 aliwonse kuti upume kapena uone kaye chomwe chili kutsogolo, palibe chochititsa manyazi kubwerera pa yabuluu. Ngati ukufunadi kuyesa yofiirayo, ima m'mbali, uyang'ane chulucho uli kunja kwa njira, uone momwe ena akudumphira. Ambiri timatero tikafika panjira yatsopano. Chomwe sitichita ndi kuimika thupi ndi njinga pakati ngati chipika.

Chinandipweteka kwambiri si miyala ija ayi. N'chakuti ndili pansi, mpweya ukundivuta, bamboyo sanaganize n'komwe zochotsa njinga yake panjira. Anaichotsa ndi mtsikana wina amene anabwera pambuyo panga, yemwe anaima kumtunda kwa chulucho n'kumakuwa kuti ena achepetse liwiro. Mwana wamng'ono kudziwa chochita, wamkulu wa imvi ataima chilili foni ili m'manja. Nditamuuza mwaulemu kuti bambo, pano sayimapo, anangogwedeza mapewa n'kukwera njinga yake. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma chondiwawa n'chakuti nkhwangwayo ikhoza kudzagwera mwana wa wina.

Ndipo inu obwereketsa njinga m'munsi mwa mapiri, nanunso ndili nanu mawu. Mumatenga nthawi kufunsa kulemera kwa munthu kuti mupope mashokapu, kumuyesa chisoti, kumusainitsa pepala loti akavulala musaimbidwe mlandu. Zonsezo mumakwanitsa. Kumuuza chiganizo chimodzi chokha, kuti ukafuna kuima tuluka panjira, n'chimene chikukukanikani? Tikiti yanga ya lifti inali ya masiku 6, ndagwiritsa tsiku limodzi, ndipo adokotala akuti njinga ndisaikhudze kwa milungu 4.