Kadontho ka m'mapapo si khansa nthawi zonse

N'zoona kuti timadontho tooneka pa zithunzi za m'mapapo timachititsa mantha munthu amene analandirapo chithandizo cha khansa, koma pali chimodzi choti mudziwe: kwathu kuno tambiri timakhala zipsera za TB yakale. Funsani adokotala kukula kwa kadonthoko. Kakachepera mamilimita 8, makina ojambula m'thupi pofufuza khansa otchedwa PET sakaona bwino, ndipo singano yotapira kanyama itha kukaphonya kapena kuboola phapo mpweya n'kutuluka. N'chifukwa chake amati mudzajambulitsenso CT (zithunzi za m'kati mwa chifuwa) pakatha miyezi 3, si kunyalanyaza ayi. Popita tengani CD ya zithunzi zakale, osati lipoti lokha, poti amayerekeza kadonthoko ndi mmene kanalili. Kadontho kolimba kosakula kwa zaka 2 kawirikawiri si khansa. Mukayamba kutsokomola magazi kapena kuwonda, musadikire tsiku lomwe anakupatsani.