Matope a padoko si manyowa!

Mdzukulu wanga amene amayendetsa thiraki pamsewu wa ku Beira wandiuza nkhani yondikwiyitsa. Akuti anthu ena kumeneko, kuphatikizapo anzathu olankhula Chichewa, akumatapa matope akuda ofukulidwa pansi pa doko n'kumakwirira mapoloti a m'madambo. Ena akumathira m'dimba, ati ndi manyowa aulere. Manyowa? Mitu ikugwira koma?

Kodi mukuganiza kuti dizilo ndi oilo wotayika m'zombo amapita kuti? Nanga zonyansa za m'zimbudzi za mzinda wonse, ndi zimene mtsinje wa Pungwe umakokolola? Zonsezo zimakhazikika pansi pompo, zaka ndi zaka. Muli mtovu m'menemo. Muli penti wa TBT amene ankapaka kunsi kwa zombo kuti nkhono zisamamatirire, poizoni amene mayiko analetsa mu 2008, koma m'matope akadalimo. Ndiye inu mwati ana azikwawa pamenepo?

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti matope amenewa akakhala pansi pa madzi amagona phee. Mukawavuulira kumtunda, mpweya n'kuwalowa, ena amasanduka asidi, ndipo asidiyo amasungunula mtovu ndi zitsulo zina zakupha. Mvula ikagwa, ulendo wa kuchitsime. Chitsime chake chomwecho chosazama chimene mayi amatungapo madzi ophikira phala la mwana! Akauma, fumbi lake mukupuma ndinu. Za mchere ndisanene, ngakhale bonongwe amafota.

Ku Minamata, ku Japan, fakitale inkataya poizoni wotchedwa mekyule m'nyanja, anthu odya nsomba n'kuyamba kunjenjemera, kulumala ndi kufa. Matendawo anadziwika mu 1956. Pofukula matope a pansi pa nyanjayo, kuyambira 1977 mpaka 1990, sanauze anthu kuti bwerani ndi mawilibala. Matopewo anawatsekera pamalo amodzi n'kuwakwirira ndi dothi labwino. Iwo aja anali opusa, ochenjera ndinu?

Ndipo musandiuze zakuti "tawanunkhiza, alibe fungo". Mphuno yanu ndi labotale? Matope otere amayezedwa kaye, kuchokera malo osiyanasiyana ndi kuya kosiyanasiyana, asanaganize n'komwe zowataya pamtunda. Mchenga woyera wa kunja kwa doko ndi nkhani ina. Inu mwayeza chiyani? Pepala la zotsatira analiona ndani?

Wina akuumbira njerwa, wina akudzala tomato n'kukagulitsa pamsika kwa anthu osadziwa kanthu. Kudzipha nokha sikukukwanani?

Siyani zimenezo. Akuluakulu inu, manyazi mulibe?